Malume Ake a Limbani

A Elifala Mbewe tinawaperekeza ku bwalo la ndege mwezi wathawu, ali m'bokosi, ulendo wa ku Dedza. Abusa anandipempha kuti ndinenepo mawu pa mwambo wa maliro, poti ndine mmodzi wa amene tinayamba nawo mpingo wathu wa ku Laurel, kuno kutsidya la nyanja, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikuima pakhomo la tchalitchi kulandira anthu. Ndinakana. Pa maliro pamafunika mawu okoma, ndipo ine okomawo ndinali nawo ochepa. Kuwonjezera ena kukanakhala kunama pamaso pa Mulungu mtembo uli pomwepo.

Abusa anati, "Amayi, wakufa sadzudzulidwa."

Ndinati, "Ndiye ndikhala chete, abusa."

Ndinakhaladi chete. Koma tsopano aikidwa, ndipo ndikulemba chifukwa pali munthu wamoyo amene aliyense wolankhula tsiku lija anamulumpha dzina. Munthuyo ndi Limbani, mwana wa mlongo wawo.

Ndiyambe ndi chimene a Mbewe ankachita bwino, kuti wina asati ndine wanjiru. Ankadziwa kutumiza mtembo kumudzi. Mmalawi akamwalira kuno, kaya ku Rockville, kaya ku Baltimore, iwo ndiwo ankayamba kufika, atavala chikhoti chawo chakuda chofika m'mawondo. Ankadziwa ofesi yoyambira, munthu wolankhula naye, ndege imene imanyamula mabokosi. Anamfedwa ankangolira, zonse zinkayenda. Ankakonda kunena kuti munthu wa kwathu sangagone m'nthaka yozizira ya eni ake, ndipo ambiri tinkagona tulo podziwa kuti tsiku lathu likadzafika a Mbewe adzatifikitsa. Anathandiza Akhristu, anathandiza ndi Asilamu omwe. Zimenezo Mulungu anaziona.

Koma kuchipatala kukaona odwala sankapita. Wodwala ankawatopetsa. Ndinazindikira mochedwa chifukwa chake: wodwala amayankha, amakana, amafunsa. Wakufa samatsutsa.

Tchalitchi chathu ndi holo yobwereka, mipando yake ndi yachitsulo, yopinda. A Mbewe anabweretsa mpando wawo wamatabwa, wokhala ndi poika mikono, n'kuuika kutsogolo cha kumanja, pamene ankatha kuona abusa ndi mpingo womwe nthawi imodzi. Ulaliki ukatalika ankatsokomola kawiri, abusa n'kuyamba kumanga mkota. Popatsa moni ankapereka nsonga za zala zokha. Anakangana kwa chaka chathunthu ndi mnyamata wa ku Zambia woimba kiyibodi, ati Chinyanja cha ku Lusaka n'cha kumsika, sichingalowe m'nyimbo za Mulungu. Mnyamatayo tsiku lina anawayankha kuti, "Batata, Mulungu amamvela vonse," ndipo a Mbewe sanamupatsenso moni mpaka imfa yawo.

Koma mkangano wawo waukulu unali ndi liwu limodzi: ankolo.

Ana obadwira kuno amatchula mwamuna aliyense wamkulu kuti ankolo. Woyendetsa basi ya tchalitchi ndi ankolo. Mlendo wofika lero ndi ankolo. A Mbewe ankalola ana a anthu ena kuwatchula choncho, ngakhale ankachita tsinya. Koma kwa Limbani ayi. Ankati ankolo ndi aliyense wovala buluku, pamene malume ndi mmodzi, mwini mbumba, amene mwana wa mlongo wake sakwatira, sasamuka, sachita kanthu kalikonse asanagogode pakhomo pake. Limbani ali wamng'ono akalakwitsa n'kunena kuti ankolo, ankamugwira khutu mpaka atakonza.

Ndipo kunena zoona, anali malume weniweni m'zaka zoyamba. Mlongo wawo, aNambewe, atamwalira amuna awo kumudzi, a Mbewe ndiwo anawaitanitsa kuno ndi kamwana kawo. Ndinaliko tsiku limene anafika. A Mbewe anamunyamula Limbani paphewa kuchokera m'bwalo la ndege mpaka pa galimoto, akumuonetsa chipale chofewa, akuseka. Sindinawaonenso akuseka choncho. ANambewe anapeza ntchito yosamalira okalamba ku Rockville, ntchito yomwe ndimagwira inenso, ndipo tsiku lililonse la moyo wawo anakumbutsidwa amene anawabweretsa.

Limbani atamaliza sukulu analowa usilikali wa dziko lino. Anamutumiza ku nkhondo. Anabwerako ndi miyendo yonse ndi manja onse, ndipo tinavina kuthokoza. Koma ine woima pakhomo ndinaona zimene ovina sanaone. Mnyamata amene kale ankakhala kutsogolo ndi oimba tsopano ankakhala mzere womaliza, msana atautsamiritsa kukhoma, pamalo oti azitha kuona chitseko. Mpando wachitsulo ukagwa, iye anali ataimirira kale. Munthu akadutsa kumbuyo kwake, thukuta linkamutuluka ngakhale kunja kuli chisanu. Amayi ake anandiuza kuti sagona. Anayamba ndi mowa kuti tulo tibwere, kenako mapiritsi opha ululu amene anamupatsa chifukwa cha msana, kenako zonse ziwiri pamodzi.

Kuchipatala cha asilikali akale wina anamuuza za kafukufuku wolipiridwa ndi boma, ku Bethesda, wofuna kupeza njira zothandizira asilikali obwera ku nkhondo amene mantha sawachoka ndipo agwera m'mowa ndi mankhwala. Limbani analembetsa yekha, osauza munthu. Ankakwera sitima ya Red Line kuchokera ku Rockville. Kumeneko ankacheza naye, ankamufunsa za tulo ndi maloto, ankamuphunzitsa chochita mtima ukayamba kuthamanga, ndipo nthawi zina ankamutenga timagazi pang'ono kuti akayeze.

Sindine dokotala, sindinganene kuti chimene chinkathandiza n'chiti. Ndikunena zimene ndinaona. Anayamba kubwera ku tchalitchi atameta ndevu. Fungo la mowa linachepa. Lamlungu lina anandithandiza kugawa mabuku a nyimbo, ndipo anandiuza m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti, "Anti, kuja palibe amandiyang'ana ngati galu wa chiwewe. Amafunsa kaye asanandigwire."

ANambewe anandinong'oneza kuti wagona mpaka m'mawa. Analira pondiuza.

A Mbewe anadziwa chifukwa cha kapulasitala. Tinali kudya pambuyo pa mapemphero, Limbani anapinda malaya, ndipo pamkono panali kathonje komatidwa.

"Chimenecho n'chiyani?"

Limbani anafotokoza.

"Akukupopa magazi? Boma likukupopa magazi, iwe n'kumapita wekha ndi miyendo yako?" Anatembenukira kwa ife. "Kwathu anamapopa timawathamangitsa ndi miyala. Kuno tikuwakwerera sitima!"

Ena anaseka. Koma a Mbewe sankakhulupirira za anamapopa. Anakhala m'dziko lino nthawi yaitali, iwonso ankapereka mkono kwa anamwino poyezetsa shuga. Chowawa chinatuluka m'funso lotsatira.

"Unafunsa ndani?"

"Ndine wamkulu, malume."

"Ndati unafunsa ndani?"

Mkati mwa sabata imeneyo anavala chikhoti chawo cha maliro, anatenga mlongo wawo mokakamiza, ulendo wa ku Bethesda kukachotsa mwana wawo. ANambewe anandifotokozera zonse. Atafika pa tebulo lolandirira anthu, a Mbewe anaimika chifuwa n'kunena dzina la Limbani, n'kuwonjezera m'Chingerezi kuti iwo ndi "uncle" wake. Analibe liwu lina. Chingerezi chinawapatsa liwu lomwe lija limene analikana moyo wawo wonse. Mayi wa pa tebulopo anamwetulira mwaulemu, nati sangawauze ngakhale zoti munthu wotero amabwera kumeneko kapena ayi, ndipo munthu wamkulu amasankha yekha kulowa kapena kutuluka m'kafukufuku. A Mbewe anayesa kumasulira. Anati ndine mchimwene wa mayi ake. Anati kwathu mwana ndi wanga kuposa wa bambo ake. Mayiyo anati n'zosangalatsa kuti Limbani ali ndi abale omukonda, n'kuwapatsa kapepala kofotokoza mmene achibale angathandizire msilikali wovutika maganizo.

M'sitima pobwerera, kapepala kaja a Mbewe anakasiya pa mpando.

Munthu wonyada akachititsidwa manyazi ndi amene sangathe kuwabwezera, amafuna wofooka woti amulipiritse. Lamlungu lotsatira, pa nthawi yopereka zofuna kupempherera, a Mbewe anaimirira. Mawu awo ndikuwamvabe.

"Abale, m'mbumba mwanga simunabadwepo wamisala. Koma mwana uyo ali kumbuyoko wadzipereka kwa azungu kuti azimuyesa ngati khoswe. Akuti mutu wake wadwala. Ine ndikuti si mutu, ndi chiwanda chimene anabwera nacho ku nkhondo, ndipo lero chituluka. Madoda, mubweretseni."

Abusa athu panthawiyo anali achinyamata, atangofika kumene. Anatsegula pakamwa, a Mbewe anatsokomola, iwo anatseka.

Amuna anayi anapita kumbuyo. Limbani anali atagwira kale mpando wakutsogolo kwake. Anayenda nawo, poti amayi ake ankamuyang'ana. Atafika kutsogolo anamutembenuza kuti ayang'ane guwa, mpingo wonse uli kumsana kwake, chitseko osachiona. Anthu anamuzungulira. Iye anati, motsitsa, "Ankolo, please. Asandigwire kumbuyo."

Mantha ndiwo anamubwezera ku liwu la ubwana wake. Munthu wachifundo akanamva kulira kwa mwana m'liwu limenelo. A Mbewe anamva chipongwe.

"Ndine malume ako! Gwada!"

Manja anatsika pamutu pake, pamapewa, pakhosi, onse kuchokera kumbuyo. Anthu anayamba kufuula. Wina anaomba m'manja pafupi ndi khutu lake. Ndinaona nkhope ya Limbani ikuchoka, ngati munthu amene watuluka m'nyumba n'kusiya nyali ikuyaka. Kenako chigongono chinauluka, bambo wina anagwera m'mipando, phokoso la zitsulo linadzaza holo yonse, ndipo Limbani anali pansi akukwawa pakati pa miyendo ya anthu, akufuula mayina a anthu amene sitikuwadziwa. Ine ndinatsegula zitseko zonse ziwiri n'kuima pambali. Anandidutsa osandiona.

A Mbewe anakweza manja. "Mwaona? Chikuthawa!"

Ena anati ameni.

Ndimakhulupirira pemphero. Ndaona Mulungu akuchiritsa, ndipo ndimadziwa kuti mizimu yoipa iliko. Koma chimene chinachitika tsiku limenelo sichinali pemphero. Malemba amatiuza za Mtumiki amene saphwanya bango losweka kale, ndipo sazimitsa nyali yongofuka utsi. Ife tinatenga bango losweka n'kuliponda m'dzina lake.

Ndinawapeza a Mbewe pamalo oimika magalimoto. Ndinawakumbutsa za mneneri uja amene anathawira kuchipululu, nagona pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Ndinati Mulungu sanamutumizire anthu omukuwiza. Anamutumizira mkate, madzi ndi tulo, ndipo atadzuka anamupatsanso mkate.

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "ANabanda, inu ntchito yanu ndi kusintha matewera a azungu. Malemba tisiyireni."

Ndinati, "Matewera andiphunzitsa kugogoda ndisanagwire munthu, bambo. Inu mitembo yakuphunzitsani chiyani?"

Kuyambira tsiku limenelo ngakhale nsonga za zala zija sindinazilandirenso.

Ngakhale zinatero, Limbani akanapitirizabe ku Bethesda. Sabata yotsatira anapita. Chimene chinamuletsa n'chimene a Mbewe anauza mlongo wawo, ndipo ichi ndicho ndinalephera kuchimeza pa tsiku la maliro, anthu akutamanda ntchito yawo yotumiza mitembo. Anawauza aNambewe kuti mwana wawo akapondanso kumeneko, iwo asamba m'manja. "Ukadzafa udzaikidwa konkuno, pakati pa azungu. Ine bokosi lako sindidzaligwira. Amayi akadzafunsa kumanda kuti mwana wanga ali kuti, udzayankha wekha."

Amene sanachoke kwawo sangamvetse kulemera kwa mawu amenewo. ANambewe agwira ntchito yotukula anthu olemera kuposa iwo kwa zaka zambiri, msana unapindika, ndipo chimene chinkawalimbitsa n'choti tsiku lina adzagona pafupi ndi amayi awo ku Dedza. A Mbewe anatenga mphatso imodzi imene Mulungu anawapatsa n'kuisandutsa chikwapu. ANambewe anagwada pamaso pa mwana wawo, mayi kugwadira mwana, kumupempha kuti asiye. Limbani anawadzutsa, nati, "Okay, Amama." Anasiya.

Ku tchalitchi sanabwerenso. Ndevu zinamera. Patapita miyezi aNambewe anaona kumene zinthu zikupita, analimba mtima n'kumuuza kuti abwerere, za manda zidzaoneka. Limbani anaimba foni. Anamuyankha mwachifundo kuti kafukufuku uja anatseka kulandira anthu, namuuza malo ena kumene angapeze thandizo. Kafukufuku ali ndi nyengo yake ngati dzinja, sadikira kuti banja limalize kukangana. Kwa munthu amene anasonkhanitsa mphamvu zake zonse kuti agogode kamodzi, kugogoda pa khomo lachiwiri ndi phiri. Sanapite.

Anamupeza masana ena m'galimoto yake, kunja kwa sitolo, atamwa mapiritsi ndi mowa mopyola muyezo, milomo itachita bii, akupuma mwa apo ndi apo. Mayi wina wodutsa ndiye anaitana ambulansi. Anamudzutsa, Mulungu alemekezeke, koma ubongo unali utakhala nthawi wopanda mpweya wokwanira. Lero dzanja lake lamanzere silifumbata, ndipo mawu amatuluka pang'onopang'ono ngati akuwatola pansi.

Ndinali ndi aNambewe m'chipinda chodikirira, tisanadziwe ngati adzuke, pamene foni yawo inalira. Anali a Mbewe. Sanafunse kuti ali m'chipatala chiti. Anafunsa kuti zikavuta akaikidwe kuti, kwa bambo ake kapena kwawo ku Dedza, kuti ayambiretu kulankhula ndi a ndege. ANambewe anandipatsa foni ija ngati yotentha. Ndinaizimitsa.

A Mbewe kuchipatala sanabwere. Kwa anthu ankati mnyamatayo anadwala mtima.

Wina adzati a Mbewe anali munthu wa nthawi yawo, sankadziwa. Ine ndikuti anali ndi maso ngati anga. Anaona mwana akumeta ndevu, akugawa mabuku a nyimbo, akubwerera kwa amoyo. Chimene sanathe kupirira n'choti thandizolo silinadzere pakhomo pawo. Ambuye ananena za atsogoleri amene amamanga akatundu olemera n'kusenzetsa anzawo, iwo osafuna kukhudza ndi chala chomwe. Ndikawerenga pamenepo ndimaona chikhoti chakuda.

Sitiroko itawagwetsa a Mbewe chaka chathachi, amene anawasamalira ndi aNambewe omwewo. Ankachoka ku ntchito yosambitsa okalamba a eni n'kukasambitsa mlongo wawo. Ndinawafunsa ngati a Mbewe anatchulapo za Limbani. Anati kamodzi, akuwadyetsa phala, anafunsa kuti, "Kodi mnyamata uja akudya?" Dzina sanatchule. Pepani sanamunene. Kaya funso limenelo linali kulapa kwa munthu amene lilime lake silinazolowere, ine sindidziwa. Woweruza alipo, ndipo amaona zimene ine woima pakhomo sindingaone. Ndimawapempherera chifundo, koma ndivomere kuti ndimachita kudzikoka.

Limbani tsopano amathandizidwa kuchipatala cha asilikali akale. Amakumana ndi anzake amene anaona zimene iye anaona. Mowa anasiya. Analembetsanso m'kafukufuku wina, ndipo anauza amayi ake kuti ngati magazi ake angathandize mnyamata wina kugona, atenge ndithu. Ku maliro a malume ake sanabwere. Anthu ananong'ona kuti ndi mwana wopanda mwambo. Bokosi la a Mbewe linavuta kutumiza, poti wodziwa njira anali m'katimo, ndipo amene anakhala pa kompyuta kunyumba kufufuza maofesi ndi ndege, akulemba ndi dzanja limodzi, anali mwana wopanda mwamboyo. Anawafikitsa kwawo. Pa mwambo palibe anatchula zimenezo.

Mpando wamatabwa uja ukadali kutsogolo cha kumanja. Palibe amene wautenga, palibenso wolimba mtima kukhalapo. Khushoni yake inalowa pakati, ndipo poika mikono vanishi anasupuka pamene zala zawo zinkagogoda. Anyamata okonza holo amauzungulira posesa. Abusa akalalikira nthawi yaitali amayang'anabe kumeneko, kenako amakumbukira, n'kupitiriza.

Lamlungu lapitali, nyimbo yoyamba itayamba, chitseko changa chinatseguka pang'ono. Limbani anaima pamenepo, atameta. Sanandipatse moni msanga. Anayang'ana kutsogolo cha kumanja, nthawi yaitali, mpaka atatsimikiza. Kenako analandira buku la nyimbo ndi dzanja lamanja, n'kukakhala mzere womaliza, msana kukhoma.

Kamtsikana ka mnyamata wa kiyibodi uja kanatembenuka pa mpando wake n'kumuyang'anitsitsa. "Ankolo, mwabwera?"

Limbani anatola mawu ake pang'onopang'ono. "Eya. Ndabwera."

Kutsogolo cha kumanja palibe amene anatsokomola.